Nsabwe m'Dimba la Feliya

Feliya ndi mwamuna wake Yobe anachoka ku Phalombe kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya ku Kaluluma. Mwini malo anawapatsa kadimba m'mphepete mwa dambo, ndipo Feliya anadzalamo mpiru.

Dzuwa la Okutobala litakula, nsabwe zinagwa m'madimba onse. Zinaunjikana kunsi kwa masamba mpaka mpiru unayamba kufota. Amayi ena anataya mtima n'kuzula mbewu zawo.

"Zulani basi, mayi," anatero Yobe. "Tizilombo timeneti sitimva."

"Ndipatseni sabata imodzi, bambo," anayankha Feliya.

Anasesa zinyenyeswa za fodya zotsalira m'chigafa, n'kuziviika m'ndowa masiku awiri pamodzi ndi tsabola wosinja ndi kachidutswa ka sopo. M'mawa uliwonse ankawaza madziwo ndi tsache, uku akutembenuza masamba limodzilimodzi. Msana unkamupweteka, zala zinkayabwa, koma sanadumphe bedi ngakhale limodzi. Nsabwe zitatha, anadikira masabata awiri asanathyole, akutsuka masambawo pothirira.

Tsiku lina Tabitha, mkazi wa kapitawo, amene sankakonda kucheza ndi matenanti, anaima pampanda akuyang'ana mpiru wobiriwira uja.

"Mayi a ku Phalombe, mwathira mankhwala anji?"

"Mubwere ndi ndowa mawa, ndidzakuonetsani," anatero Feliya.

M'mawa mwake kunabwera amayi asanu ndi awiri, aliyense ndowa kumanja. Yobe anawalandira panjira atavala malaya ake akutchalitchi.

"Pitani kudimba," anatero akuloza. "Aphunzitsi anu ali komweko. Ndi akazi anga amenewo."