Makina Anakana Chala cha a Mitambo

Kuntchito ankawatchula kuti a Mitambo, chifukwa ndi amene ankayendetsa kireni, chimakina chachitali chija chonyamula zitsulo ndi simenti pomanga nyumba zosanjikizana. M'mawa ankakwera makwerero mpaka m'kachipinda ka magalasi pamwamba penipeni. Dzanja lawo linali lokhazikika, moti anzawo ankati a Mitambo atha kukutsitsira dzira pamutu osaliswa.

Zonsezo zinatha tsiku limene chingwe chinaduka. Mtolo wa zitsulo unagwa pafupi ndi mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, amene ntchito yake inali kumanga katundu pansi ndi kuwakodola ndi manja kuti akweze. Palibe anavulala. Mlamuyo anangosasa fumbi n'kukuwa kuti, "Alamu, ngati mwatopa naye chemwali wanga nenani, osati kupha ine!" Anthu anafa nacho chiseko. Mlandu unali wa chingwe, aliyense anavomereza. Koma kuyambira pamenepo a Mitambo akangogwira ndodo zoyendetsera, mtima unkagunda ngati utuluka pakamwa, mpweya n'kuchepa, manja n'kuyamba kunjenjemera.

Kuntchito sanauze munthu. Auze ndani? Akapitawo awo ankakonda kunena kuti wamutu wosayenda bwino asakwere m'mwamba. Ndipo woyendetsa kireni akatsitsidwa amatsikiratu. Ana adya chiyani?

Akazi awo ndi amene anaona kuti bambo ayamba kudzithira tiyi pamalaya. Anafunsafunsa mpaka anamva kuti khadi ya inshuwalansi ya zaumoyo, imene kampani inapatsa antchito onse, imalipiranso kwa dokotala wa maganizo.

"Pitani, bambo a ana," anatero. "Khadi imeneyi si ya mutu ndi m'mimba zokha ayi."

"Nanga kuofesi akamva?"

"Amva bwanji? Dokotala salengeza za odwala."

Tsiku lina nthawi ya nkhomaliro ananamiza akapitawo kuti dzino lawavuta, n'kunyamuka. Chipatalacho chinali kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Anadutsa pakhomo, n'kubwerera, n'kudutsanso, maso uku ndi uku ngati mbava. Kenako analimba mtima n'kulowa. Munali mipando ya pulasitiki ndi mayi wina wovala magalasi pa tebulo lolandirira odwala.

Mayiyo analandira khadi, n'kuwakankhira kamakina kokhala ndi kagalasi kowala mofiira.

"Ikani chala chachikulu apa, bambo. A inshuwalansi amafuna atsimikize kuti khadi ndi yanu."

Anaika. Chala chinavina pagalasi, makina n'kulira kuti pii, kukana.

"Pukutani thukuta."

Anapukuta pathalauza, n'kuikanso. Pii.

"Musachigwedeze, bambo."

Musachigwedeze! Kodi mayi ameneyu ankaganiza kuti munthu wadzeranji kuno? A Mitambo anagwira dzanja lamanja ndi lamanzere, kulipanikiza ngati nkhuku yofuna kuthawa mpeni. Onse awiri anangonjenjemera limodzi. Pii.

"Musadandaule, zimachitika," anatero mayiyo mokoma mtima, dzanja lili kale pa foni. "Makina akakana timangoimbira kuofesi kwanu, atsimikize kuti ndinu wantchito wawo."

Kuofesi! Kwa akalaliki aja, mayi olankhula pa foni ngati akuitana munthu kutsidya la msewu, amene desiki yawo inayang'anizana ndi ya akapitawo! Anachita kuwamva m'makutu akufunsa kuti, "Mwati chipatala cha chiyani?" Pofika madzulo nkhani ikhala itakwera nyumba yonse, kuyambira osakaniza simenti mpaka owotcherera zitsulo: a Mitambo mutu wazungulira.

"Ayi mayi, chonde, musaimbe. Ndiyesenso."

Anayesa chala china. Anapuma mpweya wambiri, anapemphera chamumtima, anauzira chalacho ngati chapsa ndi moto. Makina sanamve chisoni. A Mitambo anaona kuti munthu wina pampando wayamba kuwayang'ana. Mantha anawakwana. Anatola khadi yawo.

"Ndibweranso tsiku lina," anatero, akudziwa bwino lomwe kuti akunama.

Atafika pakhomo anakweza maso. Kupitirira madenga a masitolo, kireni yawo inali chilili, mkono wake uli phee, kudikira mwini wake. Masana omwewo anayenera kukweranso. Panali zitsulo zokweza, ndipo pansi pake padzaima mlamu wawo, chipewa chili cham'mbali, atapereka msana, akuseka ndi anzake osayang'ana n'komwe kumwamba, poti pamwambapo pali alamu.

A Mitambo anayang'ana dzanja lawo. Khadi inali kugwedezeka pakati pa zala. Dzanja lolephera kukhala chete pakagalasi kochepa ngati bokosi la machesi, lomweli ndi limene akufuna akapachike nalo zitsulo pamutu pa malume a ana awo? Mantha a ntchito aja analipobe, koma awa anawaposa.

Anabwerera pa tebulo.

"Imbani, mayi."

Mayiyo anaimba, n'kutchula dzina lawo ndi nambala ya khadi. Kenako anatseka foni ndi chikhatho.

"Akufunsa kuti ndi chipatala chanji. Ine sindinganene popanda inu kulola."

"Ndipatseni."

Foni inkagogoda khutu lawo.

"Akalaliki, ndine Mitambo. Si dzino ayi, ndinanama. Ndili kwa dokotala wa maganizo. Chidukire chingwe chija manja anga sakukhazikika. Muwauze akapitawo apeze wina wokwera masana ano. Mlamu wanga asaime pansi pa ine."

Mayi olongolola aja anangoti, motsitsa kwambiri, "Tamva, bambo. Apatseni foni a chipatalawo."

Kaya ntchito idakalipo, kaya yapita, a Mitambo sanadziwe. Anakhala pampando mpaka chitseko cham'kati chinatseguka, dokotala n'kuwaitana.

"Takulandirani, bambo. Chakubweretsani n'chiyani?"

A Mitambo anatulutsa manja m'thumba, momwe ankawabisa masabata onse aja, n'kuwaika pa tebulo akunjenjemera choncho.

"Adokotala," anatero, "ndikuopa."