Phazi la mu Sokosi

Mwana wanga wamkazi anandilonjeza tsiku. Anati, "Amayi, Lolemba tipita kuchipatala." Padutsa masabata atatu, ine ndikungomanga mpango m'mawa n'kumasulanso masana.

Ndi telala, amasokera pakhonde. Chaka chatha adokotala anamupeza ndi shuga, mwamuna wake n'kumuchokeranso mwezi womwewo. Kuyambira pamenepo thupi likungokula. Poyamba ndinkanyadira, ndinkati mwana wanga akupeza bwino. Tsiku lina ndikufuna singano m'kabati yake ndinapeza mapepala a masiwiti ali thoo, mapiritsi ali pansi osakhudzidwa. Ndinakalipa mpaka oyandikana nafe anatuluka m'nyumba. Mwanayo kuseka anasiya, kusamba mpaka kumuuza, makasitomala akabwera amangolandira nsalu maso ali pansi.

Sukulu sindinapite nayo patali, koma makutu ndili nawo. Makina ake osokerawa ndawamva zaka khumi. Sabata ino akulira motsimphina, chifukwa iye akupalasa ndi phazi limodzi. Lakumanjalo lili mu sokosi, kutentha konseku, ndipo ntchentche sizikuchokapo.

Lero atalowa kukamwa madzi, poti masiku ano akumwa ngati ng'ombe, ndinachotsa lamba wa makina n'kumukhalira.

"Amayi, lamba," anatero atabwerako.

"Vula sokosi."

"Diresi la mkwatibwi likufunika mawa."

"Akwatiwe atavala katani. Vula sokosi."

"Ndi kachilonda chabe. Sikakuwawa n'komwe."

"Kusawawako n'kumene kukundiopsa. Amalume ako ankanenanso choncho, anawadula phazi, lero akuyendera ndodo ziwiri."

Anadzigwetsera pampando, n'kuyang'ana khoma.

"Adule basi. Adule onse awiri. Mukuyesa ndili nazo ntchito? M'mawa ndikatsegula maso ndimadandaula kuti kwachanso. Masiwitiwo sindiwamva kukoma, amayi. Ndimangofuna m'mutumu mukhale zii pang'ono."

Miyezi yonseyi ndimalimbana ndi mimba yake, kumutu osayang'anako. Koma kunyengerera sindikutha ine. Chimene ndimatha n'kunenerera ngati pamsika.

"Tamvera," ndinatero. "Za kunenepa sindizitchulanso. Kabati yako sindiitsegulanso. Chimene adokotala akuletse, nanenso ndisiya, ngakhale shuga wa mu tiyi. Iwe undipatse zinthu ziwiri. Phazilo ndilione. Ndiye mawu wanenawa ukawabwereze kwa adokotala, ine ndili pompo."

"Phazi lokha."

"Ziwiri."

"Akanena kuti ndapenga."

"Wonena zimenezo ayambe wathana ndi ine. Ziwiri."

"Chabwino. Lolemba."

"Wandidyetsa Lolemba mokwanira. Lero ndi Lachinayi, chipatala satseka Lachinayi."

Akanati ayi, ndinalibenso china chomuonjezera.

Kenako anawerama. Sokosi inali itamatirira, anachita kuisenda pang'onopang'ono. Chala chachikulu chinali chitatupa, m'mbali mwake mutada, fungo lake n'kundipeza pamene ndinakhala. Sindinakuwe.

"Mwaliona," anatero, misozi ili chuchuchu. "Chachiwiricho mukayambe ndinu kulankhula. Ine ndikamalizitsa."

"Ndikayamba."

"Nsapato siilowa."

Ndinavula patapata zanga n'kumuikira pamapazi.

"Vala izi. Dzuka."

Anagwira phewa langa, n'kudzuka.