Duwa Lopatsidwa Siligwira

Nubia anali atanyamula chitini cha duwa ngati khanda lopita ku ubatizo, koma mayi Carlina, m'malo motambasula manja, anawabisa kumbuyo.

"Landirani, mayi Carlina. Amayi akanakondwa kuti duwali lili kwa inu."

"Mwanawe, ukufuna ndiliphe? Duwa lopatsidwa siligwira. Ndikangoti zikomo, Lamulungu lisanafike layoyoka masamba. Mayi ako sanakuphunzitse?"

"Ndiye musanene zikomo."

"Pakamwa ndingatseke. Nanga mtima?"

Chitseko chinatsekedwa pang'onopang'ono, mwaulemu wa pamaliro. Linali khomo lachisanu kumukana m'mawa umenewo. Nubia anakweranso masitepe kubwerera kwa makolo ake, pamwamba penipeni pa nyumba yosanjayo. Ku Manizales kuno chilichonse n'chitunda. Ngakhale bokosi la mayi ake linatsika masitepe amenewa choimirira, amuna anayi akutukwana chamumtima.

Panali patapita masiku asanu ndi limodzi chiwaikire m'manda mayi akewo, mayi Ubaldina. Mapemphero a masiku asanu ndi anayi amatha Lachisanu. Loweruka makiyi amabwerera kwa mwini nyumba, ndipo bambo ake, bambo Nicanor, amene mwendo ndi mkono wakumanzere zinafa zaka zinayi zapitazo, amayenera kukwera basi ndi Nubia kupita ku Cali, kukakhala m'zipinda ziwiri za Nubiayo momwe munali kale mkamwini ndi adzukulu atatu. Za mbale ndi mipando ana anali atagwirizana. Zinatsala zitini za maluwa makumi anayi ndi zitatu.

Zitini za mkaka, za penti, za mafuta ophikira, ketulo wobooka, mabotolo a madzi momwe mizu inkalendewera ngati ndevu. Bambo Nicanor anali pampando wawo pakati pa zonsezo, ndodo pamiyendo.

"Akana?" anafunsa Hernán, mchimwene wake wa Nubia, akukulunga makapu m'nyuzipepala.

"Akana."

"Ndinanena ine. Bambo, awa ndi masamba basi. Masamba ali ponseponse, ku Cali aliko."

"Mayi ako akanatha kumangidwa chifukwa cha masamba amenewa," anatero mkuluyo. "Uziwalankhula bwino."

Sankanama. Mayi Ubaldina sanabepo khobidi la munthu, koma m'chikwama chawo kolona ankagona pamodzi ndi kalumo. Kanthambi ka kuchipatala, mphukira ya kumanda, tsinde la m'ofesi ya loya amene anawadikiritsa maola awiri. Poulula machimo ankawauza abambo wansembe zonse, kupatula za duwa la pakhonde pa abambo wansembewo. Aliyense wa kuno amadziwa kuti chomera chimagwira chikakhala chakuba, kungoti ena timaba mwamantha. Iwo ankaba ngati ntchito ya boma.

Amuna awo atadwala anasanduka chilombo. Ankaponya makapu, ankatukwana wailesi. Dokotala anapereka mapiritsi, mayi Ubaldina anapereka ntchito. Anachotsa maluwa onse onyada, aja ofuna kunyengereredwa, n'kusiya olimba mtima okhaokha: lilime la apongozi, limene monga mwini dzina silifa msanga, zoyanga za m'mabotolo, ndi zina za masamba onenepa zosunga madzi awoawo. M'mawa uliwonse mwamunayo ankayenda ndi ndodo, kupisa chala m'dothi la chitini chilichonse. Likakhala louma, athirire; likakhala lonyowa, apitirire. "Izi ndi zomera za nkhalamba," ankatero mayiwo. "Ukaziiwala sabata yonse sizisunga chakukhosi." Makapu analeka kusweka.

"Ine basi sindikwera zitinizi zisanapeze eni ake," anatero bambo Nicanor. "Mukafuna mundinyamule ngati mayi wanu, choimirira."

Lachitatu Hernán anabwera ndi nzeru za ku Bogotá, komwe amayendetsa lole. Anatsitsa zitini zonse, kuzindandalika m'mphepete mwa msewu, n'kulemba pakatoni zilembo zikuluzikulu: ZAULERE, TENGANI. Tsiku lonse amayi a mumsewuwo ankati akafika pafupi amawolokera tsidya lina, khosi litapindikira kuzitiniko. Palibe anatola ngakhale tsamba. Masana kunagwa mvula ya matalala. Zitini ziwiri zinagubuduka, masamba a zina anang'ambika ngati nsanza, ndipo Hernán anazikwezanso zonse, maulendo khumi ndi anayi, malaya atamatirira kumsana.

Bambo ake sanamukalipire. Anangotenga tsamba limodzi lothyoka, kuliika pabondo, n'kumalisisita ndi dzanja lamoyolo. Chakudya chamadzulo sanachikhudze.

"Ndalankhula ndi wa ngolo ya zinyalala," Hernán anamunong'oneza Nubia pamasitepe. "Loweruka m'mawa. Iwe udzayambe wapita nawo kokwerera basi, asadzaone."

"Achimwene, mukufuna kuwaika m'manda kawiri amayi?"

"Ndiye uzikwere nazo basi iweyo. Uziike pamutu pa alamu."

Nubia anacheukira kukhomo. Chitseko chinali chotsegula pang'ono, ndipo matenda aja khutu la bambo awo sanalikhudze.

Lachisanu masana amayi khumi ndi mmodzi, onse ovala zakuda, onse a mawondo olira, anakhala pamipando yobwereka kuzungulira chithunzi cha malemu ndi makandulo. Mayi Carlina ankatsogolera kolona. Milomo inkati "Tikuoneni Maria", maso ali pamashelefu. Mayi Teotiste, a pansi penipeni pafupi ndi geti, anafika posiya mkanda wa kolona n'kumasisita tsamba lomwe linkawakhudza paphewa. Bambo Nicanor sankapemphera. Ankayang'ana zala za alendo awo, mmodzimmodzi.

Khofi ndi timandasi ta tchizi zitatha, mkuluyo anagogoda pansi ndi ndodo.

"Ndasintha maganizo. Zomera zonsezi zikupita ku Cali, Hernán wapeza lole. Ndipo ndaziwerenga, tsamba ndi tsamba. Ndimakudziwani akazi a m'nyumba ino, kupemphera kwambiri, manja aatali. Wokhudza kanthambi kamodzi ndimuitanira apolisi."

"Ha! Madala inu, mpaka kutinyoza pamaliro?" anatero mayi Carlina, akuika kapu pansi. "Ndani angabe zinyalala zanuzi? Dzimbiri lokhalokha."

"Inuyo woyamba. Ana inu, ndiperekezeni kuchipinda, mutu wandigwira. Chitseko chakunjacho chisiyeni chotsegula, utsi wa makandulowu utuluke."

Kuchipinda kunali kutatsala bedi lopanda nsalu ndi chikwama chimodzi. Anakhala atatu pamatiresi, chitseko chotseka.

"Lole yake iti, bambo?" anafunsa Hernán.

"Tseka pakamwa."

Poyamba kunali zii. Kenako chitini chinakhwekhwereza pashelefu. Mapazi a masilipasi, kupuma kwa befu, botolo kugunda linzake.

"Icho n'changa, ndinachiona kalekale," anamveka mayi Teotiste, kunong'ona kwa munthu wogontha.

"Gwira uko, mfiti iwe, msana wanga!"

"Tsikani msanga, mubwerenso. Itanani ndi a nyumba yoyandikanayo."

Hernán anadzuka, nkhope itafiira. Bambo ake anamugwira pamkono ndi dzanja lamoyo lija, ndipo linali ndi mphamvu kuposa momwe mwanayo ankaganizira. Anakhalanso pansi. Nubia anali ataphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka, osadziwika ngati kunali kuseka kapena kulira. Mkuluyo ankangoyang'ana khoma, milomo ikuyenda pang'ono nthawi iliyonse chitini chikachoka, ngati akutsanzika anthu pokwerera basi.

Atatuluka, chipinda chochezera chinali chachikulu modabwitsa, ndi chozizira. Pamashelefu panatsala mizere yozungulira ya dzimbiri. Dothi linatayikira kuchokera pakhomo mpaka pamasitepe. Chithunzi cha mayi Ubaldina chinatsala chokha ndi makandulo awiri.

Bambo Nicanor anakoka mwendo mpaka pamutu pa masitepe n'kugwira chitsulo chotsamira. Pansipo masilipasi amodzi anali akukhwekhwerezabe, sitepe imodzi, kupuma, sitepe ina. Anali mayi Carlina ndi chiuno chawo chovuta, atakumbatira ketulo wobooka.

"Bambo, tiyeni mukakhale pansi," anatero Nubia.

"Dikira, sanafike. Mayi ako sankakuwa munthu asanatseke chitseko chake. Ankati wakuba wokalamba ukamudzidzimutsa amagwetsa chitini."

"Amayi ankaberedwa?"

"Mwezi ndi mwezi. Ankaziika dala pamasitepe pano, n'kukaima kukhitchini kuyang'ana khoma, khutu lili kunja. Ankati ukapanda kukuwa si kuba, ndiye sichigwira."

Pansi kiyi anazungulira. Chitseko chinatseguka, chinatsekeka.

Mkuluyo anakoka mpweya wonse umene chifuwa chake chikanatha kusunga.

"Mbava! Mbava inu! Opanda manyazi! Kubera munthu woferedwa!"

Mawu anathyokera pakati, otsirizawo anatuluka ngati a mwana. Palibe khomo linatseguka, palibe anayankha. Anaimabe pomwepo, atagwira chitsulo, mutu utawerama, ana ake ali kumbuyo osadziwa poika manja.

Kenako, m'nyumba ina pansipo, munthu anatsegula mpopi pang'ono chabe, madzi n'kuyamba kudontha m'chitini.