Msana Wanga Ukuphukira Ngati Kholowa

Ndinalota dokotala atanditsegula msana ngati chikwama, pamalo pamene ndinathyoka nditagwa padenga. Mitsempha yodukayo inali mbuu, youma. Kenako timadontho totentha tinayamba kuyenda m'fupamo, tikunong'oneza mtsempha uliwonse kuti, "Dzuka, mnzako ali tsidya ilo." Mitsempha ija inaphukira ngati kholowa, ikufunafunana mpaka inagwirana. Moto unatsikira kumapazi, ndipo ndinamva nyerere ikundiluma, ine amene miyendo yanga siimva kanthu.

Ndinadzidzimuka ndili pachikuku changa pakhonde, masanasana, thukuta lili kamukamu.

"Amake Chisomo, tanditsinani phazili," ndinauza mkazi wanga.

Ananditsina. Sindinamve chilichonse, koma iwo maso anali pa chala changa chachikulu chakuphaziko.

"Abambo, mwachigwedeza ndinu?"

Mpaka lero sindikudziwa.