Zala za Amayi pa Khoma

Chinkhoswe cha Deliwe chinali Loweruka, ndipo mwini wake ananenetsa kuti akuchimuna sadzakhala pabalaza lomata manyuzipepala. Melvin, mlongo wake wamng'ono, sanakondwe nazo. Mapepalawo anamata ndi amayi awo, ndi phala la chinangwa, ndipo chimwalirireni mayiwo mu Febuluwale, mnyamatayo ankaswera pamkeka akuwayang'ana. Ambiri anali a Chipwitikizi, opempha kwa madalaivala a mathiraki kumalire. Amayi sankadziwa kuwerenga, choncho ena anawamata chadodolido.

"Ngati n'kulira, uzilira ukupala," anatero Deliwe, akumupatsa nsanza yonyowa ndi chivindikiro cha chitini.

"Akulira ndani? Ndi fumbi ili, achemwali."

"Fumbi lanji? Sitinayambe n'komwe."

A Vincent, opaka penti ochokera ku boma, anawachenjeza kuti khomalo ndi ladothi. "Nyowetsani pang'ono, phala lifewe, kenako muzipala. Osathira madzi ngati mukuthirira dimba."

Melvin anayambira pakona. Pepala lililonse likamatuka, mtima unkamuwawa ngati akutulutsa amayi m'nyumba kachiwiri. Pansi pa manyuzipepala panali manyuzipepala ena, pansi pa amenewo kalendala ya sitolo yomwe inatsekedwa kalekale. Mphemvu zitabalalika, Deliwe analumphira pampando akukuwa, ndipo Melvin anangozindikira akuseka.

Dzuwa lili paliwombo, khoma loyamba linatsala lamaliseche. Ponseponse panali mizere yokhota ya zala, momwe amayi anadutsitsa dzanja pomata dothi. Koma pafupi ndi zenera panali mizere isanu yakuya, yoyambira kudenga n'kutsika molunjika, kumapeto kwake dzenje ngati la chigongono.

"Apa panamenyana anthu?" anafunsa a Vincent.

Deliwe anayang'ana, n'kugwira pakamwa, kenako anakhala pansi ndi phwete mpaka misozi mbwembwembwe.

"Iwe unali usanabadwe," anauza Melvin atapeza mpweya. "Amayi ndi kufupika kwawo kuja anakwera pamtondo kuti afikire m'mwamba. Mtondo gubudu! Iwo anatsika ndi khoma chonchi, zala zikulima, n'kukathera m'beseni la matope. Anadzuka dothi mpaka m'makutu, n'kundilumbiritsa kuti ndisadzauze munthu. M'mawa mwake anapita kumalire kukapempha manyuzipepala."

"Si ankati n'zokongoletsa nyumba?" anafunsa Melvin.

"Zokongoletsa chiyani? Manyazi!"

Melvin anaseka mpaka nthiti kuwawa. Kenako anaika zala zake m'mizere ija. Zake zinali zonenepa, sizinalowe. Miyezi yonseyi ankakumbukira amayi apabedi la kuchipatala, owonda, osayankhula. Awa apakhomawa anali ena, okwera pamtondo, ogwa n'kudzuka akuopseza mwana.

A Vincent anagogoda khoma ndi chala. "Musadandaule. Ndimata simenti pasalale, kenako laimu. Sipadzaoneka kanthu."

"Ayi, a Vincent," anatero Melvin. "Pakani laimu mmene palilimu. Osasalaza."

"Achimwene, laimu sabisa. Mizereyi ichita kuonekera patali."

"N'zimene ndikufuna."

Onse awiri anatembenukira kwa mwini chinkhoswe. Deliwe anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuyang'ana mizere isanuyo nthawi yaitali.

"Pakani," anatero. "Koma iwe Melvin, apongozi akafunsa, uwauze ndiwe. Ine ndinalumbira."

Melvin anaviika nsanza m'ndowa, n'kuthamangira khoma lachiwiri.