Tsiku Limene Zelifa Anagwa pa Kabaza

Pa Phalombe Boma munthu akafunsa masikono ofewa, aliyense ankamulozera kwa Zelifa. Anayamba ndi uvuni umodzi wa njerwa kuseri kwa nyumba. Geni itakula anamanga wachiwiri, nalemba Alesi, mayi wa ku Chiwalo, kuti azimuthandiza. Kungoti kuthandizako kunali kwa dzina chabe. Alesi ankangowaza nkhuni ndi kutsuka ziwiya. Kukanda ufa, kuyeza yisiti, kuyang'anira moto, kukasiya masikono m'magolosale, zonsezo Zelifa ankachita yekha.

"Manja a munthu wina sadziwa ufa wanga," ankatero.

Mwamuna wake, a Howard, kalipentala wofatsa, anadandaula mpaka pakamwa panauma.

"Amake Tiko, Lamulungu lomwe inu mu utsi? Kutchalitchi ayamba kundifunsa ngati banja linatha."

"Auzeni kuti ogula sadziwa Lamulungu," ankayankha Zelifa osacheuka n'komwe.

Pamaliro ankangokaonetsa nkhope n'kubwerera ku moto wake. Mutu unkamupweteka tsiku ndi tsiku, iye n'kumeza panado ndi tiyi wozizira. Mwana wawo Tikondane, wa ku sekondale, anasiya kumuuza nkhani za kusukulu, chifukwa yankho linkangokhala loti "undiuza kenako."

M'mawa wina wa mu Okutobala, dzuwa litayamba kale kuswa mtengo, Zelifa anakwera kabaza ya a Sitima, dengu la masikono pamiyendo, kupita kumagolosale a kunjira ya kuphiri. Kamphepo kankamupita kumaso, tcheni chikulira mofatsa. Anati atsinzine pang'ono chabe.

A Sitima anangomva njinga yapepuka. Pocheuka anaona Zelifa ali gada m'mphepete mwa msewu, masikono ali mbwee m'fumbi, nkhuku za eni zitayamba kale phwando.

"Mayi! Mayi Zelifa! Mwatani?"

Zelifa anatsegula maso. Anafuna kudzuka, koma mkono wamanzere unakana. Unali dzanzi kuyambira paphewa mpaka kuzala. Amayi ake anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo zinayamba ndi mkono momwemu. Njira yonse ya kuchipatala ankangodziona ali pamphasa, Tikondane akumumwetsa phala ndi supuni.

Dokotala anali mayi wamkulu ndithu. Anamupima, anamuuza kuti amwetulire, atukule nsidze, afinye chala chake. Kenako anakhala pansi.

"Si sitiroko ayi. Mkonowu mwaugwera, uchira."

Zelifa anapuma mpweya wautali, misozi n'kutsika yokha. Sanachite nayo manyazi.

"Koma magazi anu akuthamanga kwambiri," anapitiriza dokotalayo. "Mumagona nthawi yanji?"

"Uvuni ukazizira."

"Nanga umazizira liti?"

Zelifa anayang'ana pansi.

"Mayi, lero thupi lakugwetsani pa njinga. Mukapanda kulimvera, tsiku lina lidzakugwetsani pamalo pomwe simudzadzukapo. Mugona kuno kaye."

Masiku a kuchipatalawo anali ozunza. Foni a Howard anailanda n'kuiika m'thumba mwawo. Akawafunsa za uvuni, ankangoti, "Ulipo, sunathawe." Zelifa ankagona, kudzuka, kudya, n'kugonanso ngati khanda. M'maganizo mwake geni inali itafa basi: moto wazima, ogula apita kwina.

Tsiku lotuluka, akukhota pakona ya kwawo, anamva fungo. Anaima. Utsi unkatuluka kuseri kwa nyumba. Anafulumira, a Howard akumutsatira ndi chikwama, napeza Alesi ufa uli mbuu mpaka m'zigongono, akutulutsa masikono mu uvuni.

Alesi anachita mantha. "Pepani mayi, ndinagwira ufa wanu. Bambo ndi amene anandiuza."

"Zayenda bwanji?"

"Tsiku loyamba anatuluka ngati miyala. Ngakhale galu anakana. Lotsatira anapsa kunsi. Golosale ya pafupi ndi depoti yatisiya, akutenga kwa ena. Koma enawo anati tiyeseko, adikira."

Zelifa anatola sikono imodzi, naibenthula, nailuma. Mchere unali utapitirira pang'ono, ndipo sinafufume ngati masikono ake. Koma inali sikono, yodyeka bwinobwino ndi tiyi. Anakhala pa chitsa chowazira nkhuni n'kuyamba kuseka, kuseka kwenikweni kogwira nthiti, mpaka Alesi anayang'ana a Howard modabwa.

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndimadzipha chabe?"

"Ife tinkanena," anatero a Howard. "Kungoti mawu a kalipentala amamveka bwino akakhala a dokotala."

Madzulo a tsikulo anakambirana atatu pakhonde. Anagwirizana kuti Zelifa amuphunzitse Alesi bwinobwino kukanda ndi kuyeza, azisinthana masiku odzuka m'mamawa, ndipo malipiro a Alesi akwere molingana ndi ntchitoyo. A Sitima ndiwo azikasiya masikono m'magolosale. Lamulungu uvuni usayake, kaya kubwere oda ya ukwati.

Sizinali zophweka. Masiku oyamba Zelifa ankaima kumbuyo kwa Alesi ngati mthunzi, mpaka Alesi analimba mtima.

"Mayi, mukandiyang'ana chonchi manja amanjenjemera. Pitani mukamwe tiyi."

Anapitadi, akung'ung'udza. Golosale ya kudepoti ija sinabwererenso, ndipo zinamupweteka kwa kanthawi. Koma mutu unasiya kuwawa, ndipo atapita kukapimitsa, anamuuza kuti magazi ayamba kuyenda bwino.

Lamulungu loyamba atabwerako kutchalitchi, manja ankamuyabwa. Anazungulira nyumba, kusowa chogwira. Kenako anakumbukira kalongonda, mtundu wina wa nyemba, amene achemwali ake anamutumizira kuchokera kumudzi, yemwe anangokhala m'thumba chifukwa kuphika kwake kumafuna tsiku lathunthu: kuwiritsa, kutaya madzi, kusenda, kuwiritsanso. Anamutereka, nayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Phiri la Mulanje linkaoneka mbee kutsogolo kwake, ndipo anadabwa kuti papita nthawi yaitali asanalikwezere maso.

Kalongonda atawira, Tikondane anabwera, nakhala chapatali pang'ono, akusenda nawo.

"Amayi, Loweruka tili ndi mpira wamanja. Tikusewera ndi a ku Chiwalo."

"Iwe umasewera mpira?"

"Ndine wogoletsa. Ndinayamba chaka chatha."

Zelifa anamuyang'ana mwana wake, wamtali kumuposa tsopano.

"Ukuyamba nthawi yanji?"

"Masana. Koma ngati muli ndi oda..."

"Oda aiona Alesi. Undisungire malo pamthunzi."