Chithunzi cha Yohane wa ku Joni

Loweruka masana, Pamela anafika ku Biwi kwa amalume ake, Bambo Enerst, ali mwetumwetu. Anati wapeza mwamuna pa Fesibuku, dzina lake Yohane, wa ku Dedza koma amagwira ntchito ku Joni. Yohane ankafuna kuti Pamela asiye ntchito ya pasaluni ku Mchesi, akwere basi Lachisanu amutsatire.

Mayi Janet, akazi a Bambo Enerst, anatenga foni ya Pamela n'kuyang'anitsitsa chithunzi cha Yohane.

"Mnyamata uyu ngwabwino," anatero. "Ndagulitsa kaunjika zaka zambiri ine. Wakuba ndimamudziwa ndi maso okha."

"Nanga ankhoswe ake ali kuti?" anafunsa Bambo Enerst. "Ine ngati malume ndikambirana ndi ndani? Ndi foniyo?"

"Inu bambo, mwana wapeza mwayi, musamutsekereze!" anatero Mayi Janet.

Mkanganowo unamveka mpaka kuseri kwa mpanda. Monalisa, mnansi wawo amene amaphunzitsa makompyuta ku gulu la achinyamata, analowa akupukuta manja. Atamva nkhaniyo anatulutsa foni yake.

"Amayi, tiyeni tiyese maso anuwo. Ndikuonetsani nkhope. Zina ndi za anthu enieni, zina zinapangidwa ndi kompyuta, eni ake sanabadwepo."

Mayi Janet anakonza mpango, nakhala bwino. Nkhope yoyamba inali ya mtsikana wa mano oyera.

"Uyu ndi munthu. Akufanana ndi ana a kwaya."

"Ngwa kompyuta," anatero Monalisa.

Kenako pafonipo panabwera nkhope ya mdala wa makutu aakulu, chipewa chili chopendekera.

"Aaa, uyu ndiye wabodza! Makutu awa kompyuta inalakwitsa."

Monalisa anaseka mpaka kugwira khoma. "Amenewo ndi bambo anga! Panopa ali ku Lizulu, akukumba mbatata."

Nyumba yonse inafa ndi phwete. Mayi Janet anabisa nkhope m'chitenje. Koma Bambo Enerst ndi Pamela atayesa, nawonso ankangolasa apa n'kuphonya apo.

"Musachite manyazi," anatero Monalisa. "Ofufuza anayesa anthu ambiri m'mayiko ena. Anapeza kuti ambiri amangopenekera, ndipo nkhope zopangazo n'zimene anthu amazikhulupirira kwambiri, chifukwa zimakhala zosalala, zopanda chilema."

"Ndiye Yohane wanga kulibe?" anafunsa Pamela, mawu atatsika.

"Sindikudziwa, ndipo chithunzi sichingatiuze. Ngakhale vidiyo masiku ano amaipanga. Koma munthu weniweni ali ndi mudzi, ali ndi abale oti mungawagwire chanza."

Apa Mayi Janet anasintha. Anauza Pamela kuti alembere Yohane kuti atchule mudzi wa kwawo, ndiponso kuti atumize amalume ake ku Biwi Lachitatu. Yohane anatchula mudzi wina wa ku Linthipe. Mayi Janet anaimbira mnzawo Rozina, amene amagulitsa tomato kumeneko. Rozina anafunsafunsa mudzi wonsewo, koma panalibe amene anali ndi mwana wotero ku Joni.

Lachitatu anayala mkeka, nakonza mipando. Sikunabwere munthu. Pamela ataimba, nambala ya Yohane inali yosapezeka, ndipo tsamba lake la pa Fesibuku linali litachotsedwa.

Pamela analira pang'ono. Lachisanu, m'malo mokwera basi ya ku Joni, anakwera minibasi ya ku Mchesi. Mpando wake pasaluni unali ukumudikira.

Madzulo ake anadzera ku Biwi, n'kuyamba kuluka tsitsi la Mayi Janet pakhonde.

"Azakhali, maso anu aja ali bwanji?"

"Akadali akuthwa pa kaunjika," anayankha akuseka. "Koma pa foni ndawapumitsa."

Nkhope yokongola pa foni si umboni woti munthuyo alipo. Musanasiye ntchito, musanakwere basi, funsani kwawo, ndipo muonane ndi abale ake maso ndi maso.